KODI NTHAKA IYI IDZASENZA GALIMOTO?

Nkhani yokambidwa pa wailesi m'Cinyanja, nthawi ya madzulo

 Madzulo ano ndifuna kuti ticeze za cinthu cimene timacipondaponda masiku onse osaciganizira, ndico nthaka ya m'miseu yathu. Funso langa ndi ili: kodi munthu angathe kudziwiratu, galimoto yolemera isanafike, kuti nthaka ya pamalo idzaisenza kapena idzaimeza?

Ndiyambe ndi cimene ndinaona ndi maso anga. Mu January 1 wa caka ca 2018 ndi masabata otsatira, pamene nthenda ya kolera inali itabvuta mu Lusaka muno, ndinali kukhala ku Kanyama kwa azakhali anga. Mukumbukira kuti nthenda ija inayamba mu October 2017, ndipo pakutha pa December Boma linatuma asilikari kuti athandize kucotsa zinyalala m'misika ndi m'miseu. Zitsime zosaya zinakwiriridwa, ndipo m'makomboni anaika mathanki amene magalimoto anali kudzathiramo madzi abwino. Tsiku lina m'mawa galimoto imodzi ya madzi inapatuka pa mseu wa tara kuti ilowe m'kanjira ka pakati pa nyumba. Mvula inali italeka masiku awiri, ndipo pamwamba panali pouma. Amai ena okalamba amene anali kugulitsa tomato pambali anaimirira nati kwa woyendetsa, "Mwana wanga, usadzere apo, pansi pali dzenje lakale." Mnyamatayo anayang'ana, naona mikwaso ya galimoto ina imene inadutsapo dzulo lace, naseka, napitirira. Sanayende kutali. Magudumu a kumbuyo anatitimira kufikira mimba ya galimoto inakhala pansi. Amuna anakankha, anaika miyala, koma osatheka. Potsiriza anatsegula mpopi nataya madzi kuti galimoto ipepuke. Akazi anathamanga ndi ndowa natunga pang'ono, koma ambiri anapita pansi naonjeza matope. Madzulo ace ndinaona ena a akazi aja ali kubwerera ku citsime cosaya cimene anauzidwa kuti acileke.

Ine tsikulo ndinati ndi tsoka cabe. Pambuyo pace, powerenga, ndinapeza kuti alipo anthu amene nchito yao yonse ndiyo kuyankha funso limeneli, ndi kuti nzeru yace inakulira pakati pa asilikari. Cifukwa cace ncosabvuta kumva. Wamalonda, galimoto yace ikatitimira, ataya tsiku limodzi ndi ndalama pang'ono; koma mkulu wa nkhondo, akasinja ace akatitimira pamaso pa adani, ataya anthu.

Pa 19 August 1942 asilikari a ku Canada ndi a ku Britain anaukira doko la Dieppe ku France. Akasinja ao potsika m'zombo anapeza gombe la miyala yobulungira yosagwirana. Ena anangodzikumbira pansi, ena malamba ao acitsulo anaduka, ndipo anthu ambiri anafa tsiku lomwelo. Cotero pokonzekera kuoloka kwakukulu kwa ku Normandy, akulu a nkhondo sanafunenso kungoyerekeza. Usiku wa pa 31 December 1943 amuna awiri, Logan Scott-Bowden ndi Bruce Ogden-Smith, anasambira mumdima nafika pa gombe limene Ajeremani anali kulonda, naboola mcenga, natenga dothi la pansi pace, nabwerera nalo. Akatswiri anafuna kudziwa malo amene dongo lofewa ndi zomera zobvunda zinabisala pansi pa mcenga. Ndipo pa 6 June 1944 akasinja ena anatsika atasenza mikeka yaikulu yokulunga, imene anali kuyala patsogolo pao kuti anzao adutsepo.

Nawonso makolo athu anawadziwa matope a nkhondo. Mu 1944, mkati mwa dzinja, gulu la 11th East African Division, m'mene munali asilikari a Northern Rhodesia Regiment ndi a K.A.R. a ku Nyasaland, linatsika m'cigwa ca Kabaw ku Burma kupitikitsa Ajapani. Njira inasanduka phala. Asilikari anadula mitengo naigoneka mopingasa kuti magalimoto ayendepo, ndipo zakudya zambiri zinali kuponyedwa ndi ndeke. Mukamadutsa pa Burma Road kapena pa Arakan Barracks mu Lusaka muno, maina awo akumbutsa nkhondo ya m'dziko lija.

Mu 1945 asilikari a ku America anapatsa mainjiniya ao a ku Vicksburg, m'mbali mwa mtsinje wa Mississippi, nchito yofufuza za kuyenda kwa magalimoto pa nthaka yofewa. Kwa zaka zambiri anthu aja anayendetsa malole ndi akasinja m'matope mwadala, nalemba zonse. Zimene anapeza tingazigawe patatu.

Coyamba ndico kulemera kwa galimoto, ndi m'mene kulemerako kwagawikira pansi. Apa pali codabwitsa. Kasinja wamkulu wa masiku ano alemera matani oposa 60, koma malamba ace ngotambalala, kotero kuti pa kadera kofanana ndi cikhadabo ca cala canu atsikiza ngati kilogalamu imodzi yokha. Munthu woima ndi phazi limodzi atsikiza ngati theka la pamenepo. Koma tayala la lole lopopedwa zolimba litsikiza makilogalamu 6 kapena 7 pa kadera komweko. Ndico cifukwa cace lole imatitimira pamene kasinja wadutsa. Taganizaninso za galimoto ya madzi ija: thanki ya malita 10,000 ndiyo matani 10 a madzi okha, osawerenga zitsulo zace, ndipo zonsezo zikhala pa timadera tating'ono pamene matayala akhudza pansi. Asilikari anapeza mankhwala ace kale: mu nkhondo yomweyo ya ciwiri anali ndi galimoto yochedwa DUKW, imene woyendetsa anali kutha kucepetsa mpweya m'matayala ali pampando wace, kuti tayala liphwatalale pa mcenga.

Caciwiri ndiwo mtundu wa nthaka. Mcenga ndi dongo zisiyana khalidwe monga mbuzi ndi nkhosa. Mcenga ukauma ndi pamene ubvuta, pakuti umamwazika pansi pa gudumu. Ukanyowa pang'ono ugwirana nulimba, monga adziwa ana onse osewera kumtsinje. Dongo licita zosiyana. Mu October liri ngati njerwa yootcha, koma mu February liri ngati phala. Loipitsitsa ndilo dothi lakuda la makande, longa la ku Kafue Flats, limene limang'ambika m'malimwe ndi kutupa m'dzinja. Nsangalabwi zosakanizika ndi dothi pang'ono ndizo zolimba nyengo zonse, ndipo ndizo amathira pa miseu. Kuyesa kwace sikufuna sukulu. Tengani dothi lonyowa, mulipote pakati pa manja. Likapoteka kukhala kacingwe koonda ngati mtengo wa macesi osaduka, limenelo ndi dongo, ndipo mvula ikagwa muliope. Amai oumba mbiya akhala akuyesa motero ciyambire.

Cacitatu ndiwo madzi, ndipo awa ndiwo asanduliza zonse, pakuti galimoto siisintha, mtundu wa nthaka susintha, koma madzi asintha tsiku ndi tsiku. Timbewu ta dothi timalimba cifukwa ca kutsamirana. Madzi akadzaza mipata yonse ya pakati pace, gudumu likaponda, madziwo ndiwo ayamba kusenza katundu, ndipo madzi alibe msana. Akulu anati walira mvula walira matope.

Tsono mphamvu ya nthaka amaiyesa bwanji? Anthu a ku Vicksburg anapanga ndodo yacitsulo yokhala ndi nsonga yosongoka kunsi, ndi cogwirira pamwamba pamene pali kawochi. Munthu aitsikiza pansi ndi manja pang'onopang'ono, ndipo muvi wa kawociko usonyeza mphamvu imene nthaka iri kukana nayo. Awerenga pamwamba, awerenganso pamene ndodo iri kutsika. Anapeza kuti kwa magalimoto ambiri malo ofunika kwambiri ndi a pakati pa mainchi 6 ndi 12 kuya kwace, ndiko kunena masentimita 15 kufikira 30. Cikhakha couma ca pamwamba cinyenga maso cabe. Gudumu licibowola nthawi yomweyo nilipeza cimene ciri pansi. Galimoto iri yonse anaiwerengera nambala yace, ndiyo mphamvu yocepetsetsa ya nthaka imene ingaisenze. Nambala ya nthaka ikaposa nambala ya galimoto, ipite. Ikacepa, ifune njira ina.

Koma anapezanso cinthu cina cimene ndifuna kuti mucisunge bwino. Nthaka ya dongo yonyowa imafooka ikapondedwa. Anyamata oumba njerwa acidziwa ici: poyamba dothi limakana phazi, koma ukalipondaponda lisanduka lofewa, ngakhale usanaonjeze madzi. Cotero mainjiniya aja anali kuika dothi m'kacitini, naligunda ka 100 ndi kanyundo, naliyesanso ndi ndodo ija kuti aone mphamvu imene yatsala. Ndipo galimoto iri yonse anaipatsa manambala awiri: ina ya kudutsa kamodzi, ina ya kudutsa ka 50 m'mikwaso imodzimodzi, pakuti gulu la nkhondo siliyenda ndi galimoto imodzi. Apa ndi pamene ananyengeka mnyamata uja wa ku Kanyama. Mikwaso ya galimoto ya dzulo anaiyesa mboni yakuti njira iri bwino, pamene galimoto ya dzuloyo ndiyo inatsiriza kufewetsa pansi.

Ndodo zotere siziri kwa asilikari okha. Mukadzaona anyamata a nchito ya miseu ali kukhomera ndodo yacitsulo pansi, wina nakweza citsulo colemera ndi kucigwetsa, wina nalemba m'buku, dziwani kuti ali kuyesa mphamvu ya nthaka. Citsulo cao cilemera makilogalamu 8, ndipo cigwa mamilimita 575 nthawi iri yonse. Ndodo ikalowa pang'ono pa kugunda kumodzi, pansi mpolimba. Ikalowa kwambiri, pafunika nsangalabwi zambiri mseu usanamangidwe.

Kuyesa ndi ndodo kukuuzani za lero. Nanga za sabata la mawa, kapena za malo amene simungathe kufikako? Apa ndi pamene payambira kuneneratu. M'zaka za m'ma 1950 akatswiri a ku Vicksburg anapeza njira yonga buku la mwini sitolo. Mvula imene yagwa ailemba ngati ndalama zolowa; madzi amene dzuwa ndi zomera zamwa, ndi amene atsika pansi, awalemba ngati ndalama zoturuka. Cotsala ndico cinyezi ca m'nthaka tsiku limenelo, ndipo podziwa mtundu wa nthaka atha kunena mphamvu yace osapondapo. Mu 1979 maiko a NATO anagwirizana pa njira imodzi yowerengera zonsezi ndi kompyuta, pophatikiza mapu a nthaka, mitunda, mitengo ndi mitsinje. Mu January 2015 bungwe la NASA linaponya kumwamba setilaiti yochedwa SMAP, imene imayesa cinyezi ca nthaka ya pa dziko lonse m'masiku awiri kapena atatu. Koma diso lace liona masentimita 5 okha a pamwamba, ndipo liona dera la makilomita ngati 36 m'litali ndi m'lifupi monga cinthu cimodzi. Kwa setilaitiyo Kanyama ndi Kalingalinga zingakhale m'kabokosi kamodzi.

Tsopano tibwere kwathu, tione pansi pa Lusaka. Mbali yaikulu ya mzinda uno, makamaka kumwera ndi kumadzulo, kumene kuli Kanyama, Chawama, Misisi ndi John Laing, yakhala pa mwala wa laimu. Mwala umenewu madzi amausungunula pang'onopang'ono, kotero kuti pansi pali mapanga ndi ming'alu. Pamwamba pace sipali posalala ai: pena mwala uturukira kunja ngati dzino, ndipo mapazi awiri okha kucokera pamenepo pali cibowo cakuya codzala dothi. Dziko lace ndi lacidikha, lopanda mitsinje yocotsa madzi. Mvula yathu, imene ifika ngati mamilimita 800 pa caka, igwa pafupifupi yonse kuyambira November kufikira March. Iyamba yalowa m'ming'alu, ndipo ming'alu ikadzala, madzi a pansi akwera kufikira aturukira m'miseu ndi m'nyumba. Ndizo zinacitika pa cigumula ca ku Kanyama mu 1978, ndiponso mu 2010 pamene mabanja a m'makomboni anasamutsidwira ku Independence Stadium. Cifukwa ca ici njira ya ku Kanyama ikhoza kukhala yofewa masiku ambiri mvula italeka, pakuti madzi ace acokera pansi. Kumene kuli kotsetsereka, monga mbali zina za Matero, George ndi Mtendere, bvuto likhala lina: madzi athamanga nakumba mseu, nasiya zigwembe ndi dothi loterera.

Pamwamba pa zonsezi pali nchito ya manja athu. Kwa zaka zambiri anthu akhala akuphwanya miyala ndi kukumba dothi m'makomboni, monga muona ca ku Kalingalinga m'mbali mwa Alick Nkhata Road ndi ku Misisi. Maenje ena anadzazidwa ndi zinyalala, zimbudzi zakale ndi zitsime zinakwiriridwa, ndipo pambuyo pace panadzera njira. Cotero gudumu la kumanja likhoza kukhala pa mwala wosenza matani ambirimbiri, pamene la kumanzere liri pa dzala la zaka makumi awiri zapitazo. Palibe setilaiti imene ingaone ici, ndipo pa mapu a Boma sicinalembedwe. Anthu amene acidziwa ndi onga amai aja a tomato, amene anaona dzenje likukumbidwa, naonanso likukwiriridwa. Iwo adziwanso pamene madzi amayambira kuturuka caka ndi caka, pakuti madzi saiwala khwawa.

Mwina wina ali kufunsa kuti, "Ife tiribe akasinja, nanga izi zitikhudza bwanji?" Abale anga, galimoto yolemera ikalowa m'komboni m'dzinja, kawirikawiri idza ndi thandizo. Ndi galimoto ya madzi pa nthawi ya kolera, monga mu 2018 ndiponso mu January 2024 pamene odwala anadzaza National Heroes Stadium. Ndi lole ya asilikari yodzacotsa zinyalala kapena kusamutsa anthu pa cigumula, ndi galimoto yozima moto, ndi yopopa zimbudzi, ndi yonyamula maliro. Imodzi ikatitimira m'kanjira kopapatiza, yatseka njira ya zonse zotsatira, ndi ambulansi yomwe.

Tsono ndiri ndi mau kwa magulu atatu. Kwa inu oyendetsa: musanapatuke pa tara m'dzinja, tsikani muyende ndi miyendo, mutatenga citsulo cosongoka. Cikalowa ndi mphamvu ya dzanja limodzi kufikira utali wa phazi lanu, musalowetsepo galimoto yodzala. Nkwabwino kupita kawiri ndi theka la katundu kusiyana ndi kugona m'matope tsiku lathunthu. Pa dothi ladongo musakhulupirire mikwaso yakale. Mukamva kuti magudumu ayamba kuzungulira pamodzimodzi, imani msanga, pakuti kuponda mafuta ndiko kudzikumbira dzenje. Ndipo funsani eni malo. Safunsa anadya phula.

Kwa ife okhala m'makomboni: ngalande ya pafupi ndi nyumba yanu ndiyo isunga mphamvu ya mseu, cifukwa madzi akacoka msanga nthaka ilimba msanga. Ngalande zazikulu, monga ya Bombay imene inakonzedwa pa nchito ya pakati pa 2013 ndi 2018, sizingathandize ngati tating'ono tathu tatsekeka ndi mapulasitiki. Tisakumbe dothi la njerwa m'njira. Tikakwirira citsime kapena cimbudzi pafupi ndi njira, tithiremo miyala ndi kutsendera, ndipo tiikepo cizindikiro.

Kwa inu akulu a m'mawodi ndi a makomiti a citukuko: nchito iyi njocita m'malimwe, mvula isanagwe. Itanani nkhalamba zimene zinayamba kukhala m'dera lanu, muyende nazo njira iri yonse, mulembe pa pepala pamene pali mwala, pamene panali dzenje, ndi pamene madzi amayamba kuturuka. Musankhe njira ziwiri kapena zitatu zimene zingasenze galimoto yolemera mu February, mupemphe kuti mainjiniya adzaziyese ndi ndodo yao, ndipo nsangalabwi zikapezeka ziyambe kuthiridwa m'menemo. Malo oikapo mathanki asankhidwe pafupi ndi tara kapena pa mwala. Pepalalo likhale ku ofesi ya khansala ndi ku kiliniki, kuti a kanselo, a D.M.M.U. kapena asilikari akadzafika usiku pa tsiku la tsoka, apeze cowatsogolera. Amuna awiri aja a ku Normandy anasambira m'nyanja yozizira kuti apeze nzeru yotere. Ife tingaipeze pakungokhala pansi ndi agogo athu masana amodzi, ndi pensulo m'manja.

Amai aja a tomato ndinakawaona caka catha. Akali pamalo pao pomwe, ndipo pa dzenje lija anthu anaimikapo tayala lakale lopaka laimu. Anandiuza kuti ciikire tayalalo palibe galimoto inatitimirapo, koma ana amalicotsa kukasewera nalo, ndipo iwo ndiwo amalibwezera m'mawa uli wonse.

Nthawi yanga yatha. Amene muli ndi mafunso, kapena mudziwa njira ya kwanu imene imameza magalimoto caka ndi caka, tilembereni kalata, ndipo tidzaiwerenga pa wailesi.